Msana wa Berrak

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka. Chigawo cha odwala mtima, chipinda cha mabedi atatu. Adokotala a Tuncer akuti kachitseko kena ka mumtima mwanga kauma, sikakutseguka mokwanira, n'chifukwa chake madzi adzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Ayamba aphwetsa madziwo, opaleshoni pambuyo. Kope ili wandigulira ndi mkazi wa mwana wanga kuti ndizilembamo mankhwala, ati ndimaiwala. Ine sindiiwala, ndimangosankha zokumbukira.

Piritsi lokodzetsa m'mawa ndi masana. La magazi madzulo. Mchere ayi. Sikelo yati makilogalamu 84.

Pabedi la kuzenera pali a Şaziye a ku Mamak, anawaika kabatire pachifuwa sabata yatha. Kabatireko ayenera kuti anakalumikiza kulilime, chifukwa chifikireni ine sanapume. Bedi la pakati lilibe munthu.

Lachiwiri, 7 Meyi

Pakati pabwera munthu. Mtsikana wamtali, dzina lake Berrak. Walowa akuyenda yekha, chikwama paphewa, bambo wokankha odwala akumutsatira ndi njinga yopanda kanthu.

Zaka makumi atatu ndakhula misana ya azimayi ku hamam ya ku Ulus, bafa lathu la akazi lija, ndipo munthu ndimamudziwira kumsana. Nkhope imanama, msana ayi. Ndaonapo misana ya akwatibwi, ya azimayi a ana asanu ndi atatu, ya akazi a mabwana. Koma mwana uyu atavula bulauzi kuti avale zachipatala, ndinaiwala kumeza tiyi. Mapewa otambalala ngati chitseko, mnofu uliwonse ukuoneka pomwe wayambira ndi pomwe wathera. Ntchafu yakumanja ndi yonenepa kuposa yakumanzere. Fupa la m'munsi mwa khosi linathyokapo n'kulumikizana mokhota. Pamkono ndi pachifuwa pali timikwingwirima tozungulira tambirimbiri, tina tatsopano, tina takale.

Sindinapirire. "Akukumenya ndani, mwanawe?"

Anaseka. "Atsikana a ku Hungary, azakhali. A ku Egypt, a ku Korea. Koma musadandaule, nanenso ndimabweza."

Lachitatu, 8 Meyi

Makilogalamu 82 ndi theka. Ndatha tsiku ndikuyendera kuchimbudzi.

Berrak wandifotokozera. Ndi katswiri wa masewera asanu ochitikira pamodzi, ndipo amaimira dziko. Timikwingwirima tija ndi nsonga za malupanga. Amalimbana ndi lupanga, amasambira, amakwera hatchi n'kumadumpha nayo mipanda, pomaliza amathamanga, kuima n'kuwombera ndi mfuti, kuthamanganso.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero a Şaziye, "nanga asanu? Sukanasankha amodzi ngati anzako?"

"Ndinasankha, agogo, kusambira. Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi anandiuza kuti ndine wachiwiri pa chilichonse, uchampiyoni ndiiwale. Ndiye ndinapita komwe amafuna munthu wotere."

Chandizunguza mutu ndi hatchi. Siikhala yake. Amachita maere, imene yakugwera ndi yomweyo, amakupatsani mphindi makumi awiri kuti mudziwane, basi pabwalo. A Şaziye ati iwonso anakwatiwa choncho, ndipo mphindi zawo sizinakwane n'komwe makumi awiri.

Akuti masewerawa amayerekeza msilikali wotumidwa ndi uthenga: akwera hatchi yachilendo, amenya nkhondo, awoloka mtsinje, amaliza ndi miyendo. Ndinafunsa kuti uthengawo umati chiyani. "Zaka khumi ndi zisanu ndikuthamanga nawo," anatero, "palibe anandiuzapo."

Lachinayi, 9 Meyi

Adokotala ayendera odwala, ophunzira awo ali pambuyo. Za ine ndi zomwe zija: madzi akuphwa, opaleshoni mwina Lolemba la pa 20.

Za Berrak ndamva zonse, katani si khoma. Anadwala chimfine mwezi watha koma sanasiye kuthamanga. Kenako pachifuwa panayamba kubaya. Magazi akusonyeza kuti mtima unakhudzidwa, koma sizikudziwika kuti mpaka pati. Amupachika kabokosi ka mawaya kolemba kugunda kwa mtima usana ndi usiku, kongochotsa pokasamba.

"Munayamba mwakomokapo?" anafunsa adokotala. "Kapena chizungulire, mdima m'maso?"

"Ayi."

"Mvetsetsani, a Berrak. Magazi akakhala bwino, kabokosi kakapanda kupeza kanthu, ndipo ngati simunakomokepo, Lachitatu ndisayina mupite. Koma ngati munagwapo ngakhale kamodzi, ndiye kuti mnofu wa mtima watupa. Pamenepo ndi miyezi isanu ndi umodzi osathamangira ngakhale basi. Anthu amphamvu ngati inu ndi amene amafera pabwalo."

Atatuluka ndinafunsa kuti Lachitatu kuli chiyani. Kuli ndege. Mpikisano wa kunja, wotsiriza wopezerako malo a ku Olimpiki, ndime yomaliza Lamlungu la pa 19. Pa Olimpiki yapita ija malowo anali m'manja kale, koma maere anamupatsa hatchi imene inafika pampanda n'kuima, iye n'kupitirira yekha. Fupa lokhota lija ndi la tsiku limenelo. Pano ali ndi zaka 29. "Ulendo wina kulibe, azakhali," anatero, akusenda lalanje limene anatigawira tonse.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndafooka. Miyendo ikukokana. Awonjezera piritsi lina la mchere wa m'magazi, lalikulu ngati nyemba. Msuzi wa mphodza wopanda mchere ndi madzi otsukira mbale. Berrak wandikwezera pilo ndi dzanja limodzi, ine ndili pomwepo.

Loweruka, 11 Meyi

Lero ndili bwinoko. Makilogalamu 80.

Ndaona chinthu chimene sindikanakhulupirira pongomva. Anamwino anaiwala pabedi kachipangizo kopana chala kaja, kowerenga kugunda kwa mtima. Berrak anakavala, n'kuyenda mofulumira m'khonde uku ndi uku mpaka nambala inakwera. Atabwera anaima pakati pa chipinda, mwendo wina kutsogolo, n'kutambasula mkono ngati wagwira mfuti. Anapuma kamodzi mozama, n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Nambala ija inayamba kutsika tikuona. Dzanja lili nji, osanjenjemera ngakhale chala.

"Ukafika powombera mtima umakhala uli pakhosi," anatero. "Ukaulekerera, mfuti imavina. Ndiye umauuza kuti ukhale pansi."

"Ndiye umamva?"

"Unkamva."

A Şaziye anadzilavulira pachifuwa katatu kuti diso loipa lipite kutali. Ine thupi linachita tsembwe. Wanga mtima ndakhala nawo zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, sunandimverepo ngakhale tsiku limodzi.

Madzulo anandifunsa za ntchito yanga. Ndinamuuza za azimayi ofunira ana awo mbeta, amene ankandinong'oneza kuti ndiwauze ngati mtsikana wakutiwakuti ali ndi chilema pathupi. Ndinkalandira maswiti awo, koma yankho linali limodzi: zoona kubafa zimatsalira kubafa. Lamulo la ntchito yathu ndi limenelo, ndipo ndimanyada kuti sindinaliphwanyepo.

Lamlungu, 12 Meyi

Tsiku la alendo. Chipinda chonse fungo la kolonya, madzi onunkhira aja, aliyense wolowa akuthiridwa m'manja. Mwana wanga Cemil wabwera ndi maapozi ndi nkhope ya maliro. Ndamuuza kuti aisunge, adzaifuna tsiku lina.

Kwa Berrak kwabwera amayi ake, kamunthu kakang'ono kochokera ku Eskişehir, ndi poto wa mpunga wokulunga m'masamba a mphesa. Ndalawa kamodzi, Mulungu andikhululukire, mchere unali wokwanira bwino. Mayiyo anandionetsa zithunzi pafoni: Berrak ali ndi mano awiri ogweluka, atavala chipewa chosambira. Berrak papulatifomu, mbendera yathu kumbuyo. "Ndinkamudzutsa kusanache," anatero, "m'chisanu chija, basi ziwiri kuti tikafike kudziwe. Bambo ake anamwalira akunena za Olimpiki."

Kunabweranso aphunzitsi ake, bambo wa imvi wosakhazikika pampando. Sanafunse kuti mwana wagona bwanji. Anafunsa kuti kalata ya adokotala ituluka liti.

Lolemba, 13 Meyi



Manja anga akhala akuyabwa chionereni msana uja. Kansalu kanga kokhakhala kokhulira ndinabwera nako, sindiyenda popanda iko. Masana anamwino atamuchotsa kabokosi kuti akasambe, ndinamupempha. "Tiye ndikakukhule, mwanawe. Usandimane, mwina ndi msana wanga womaliza."

Ndinakhala pakampando ka pulasitiki, iye n'kugwada chondifulatira. Ndinayambira pakhosi kutsika. Litsiro linalipo, katswiri kapena ayi, munthu ndi munthu. Koma pansi pa khungu zinali ngati ndikukhula mwala wofunda umene ukupuma. Ndinkapita pang'onopang'ono dala. Ndinaganiza kuti Mulungu poumba ife enafe anali ndi changu, apa ndiye anakhala pansi.

Nditamaliza anaimirira kuti adzitsukuluze. Anangoti "azakhali," basi n'kupindika, mutu n'kugwera pamiyendo panga. Milomo yatuwa. Ndinaika dzanja pachifuwa pake. Sikunali kugunda kumene kuja, kunali kuphiriphitha, ngati mbalame yogwidwa m'manja. Ndinamuitana, zii. Ndinatambasula mkono kuti ndikoke chingwe choitanira anamwino, ndipo ndisanachifike anatsegula maso n'kundigwira pamkono. Zala zake zandisiyira zizindikiro.

"Musakoke."

"Wakomoka iwe."

"Ndi nthunzi."

"Nthunzi yake iti? Madziwa ndi ofunda chabe."

Anakhala tsonga, n'kupuma kapumidwe kake kaja, mpaka magazi anabwerera kumaso. Kenako anandiyang'ana. "Munanena nokha, azakhali. Zoona kubafa."

Anavala, anamwino anamubwezera kabokosi, ndipo kabokosiko sikadziwa kanthu.

Lachiwiri, 14 Meyi

Makilogalamu 78. Magazi a Berrak abwera, ali bwino. Kabokosi sikanapeze choipa. Walongedza kale chikwama.

Masana a Şaziye atapita kokajambulidwa, anabwera kudzakhala pabedi langa.

"Ndikudziwa zimene mukuganiza," anatero. "Ndipatseni Lamlungu lokha. Likatha ndibwera ndekha kudzagona pano, miyezi isanu ndi umodzi, chaka, zimene anganene."

"Ukakagwa uli pahatchi? Uli m'madzi?"

"Ndiye kuti ndagwa ndikupita komwe ndimapita. Inu simungamvetse. Anzanga anakwatiwa, ali ndi ana, ali ndi ntchito. Ine ndili ndi Lamlungu limeneli basi."

Sanalire, sanandinyengerere. Anandipsompsona dzanja n'kuligunditsa pamphumi pake monga amachitira mwana woleredwa bwino, n'kubwerera pabedi lake.

Ndagwira njakata. Moyo ndi wake, si mwana wanga, ndipo munthu wouza mtima wake kuti ukhale pansi sindingamuphunzitse za mtima ine wokhula litsiro. Koma dzanja langali linamva chimene linamva. Chakudya chamadzulo ndabweza osachikhudza.

Lachitatu, 15 Meyi

Adokotala anafika ndi pepala ndi cholembera. Berrak atavala kale zakunyumba, nsapato zomanga.

"Funso langa lija, komaliza. Simunakomokepo?"

"Ayi."

Adokotala anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa ine kuti athane nane kaye. "Nanga a Nezaket, miyendo ikuti bwanji lero?"

"Miyendo yaphwa, adokotala. Koma mwanayu anakomoka Lolemba kubafa. Ndinamuwakha ndine."

Adokotala anatseka cholembera n'kufunsa Berrak ngati zili zoona. Akanatha kukana. Akanati mayiyu ndi wokalamba, mankhwala amusokoneza mutu, ndipo ophunzira aja akanamukhulupirira iye. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ouma gwa.

"Ndi zoona," anatero.

Anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Kenako anakoka katani pakati pa bedi lake ndi langa.

Lachinayi, 16 Meyi

Amulowetsa m'makina aakulu ojambulira. Apeza kachipsera kakang'ono pamnofu wa mtima, ndi kutupa kumene sikunathe. Adokotala ati mwina akanapikisana n'kubwera bwinobwino, mwina ayi, palibe angadziwe. Akhala kuno mpaka sabata yamawa, pali zoyeza zina.

Amayi ake abwera ndi basi yam'mawa. Anaima kumapazi kwa bedi langa, chikwama chili m'manja.

"Inu ndinu ndani pa mwana wanga? Munamudzutsapo kusanache inu? Mwamudziwa sabata imodzi, n'kumugwetsera zaka zonsezi m'madzi."

A Şaziye nawonso atembenuka, ati pakamwa panga ndi pachitseko cha basi, potsegukira aliyense. Anthu ena akanayamba adziyang'ana okha.

Katani ndi yotseka.

Lachisanu, 17 Meyi

Makilogalamu 77. Asiya piritsi la magazi pokonzekera opaleshoni. Dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni wabwera kudzandiona mano ndi kukhosi. Ndasayina.

Kuseri kwa katani kulibe phokoso. Sakulira, sakuyimba foni. Ndimangomva akutembenuka. Kulira kukanandipepukira.

Loweruka, 18 Meyi

Sindinadye. Ndikuopa Lolemba, koma si chimene chandithetsa njala.

Lamlungu, 19 Meyi

Atandimeta ndi kundisambitsa ndi sopo wofiira wa opaleshoni, ndinagona chopenya kudenga. Masana katani inatseguka. Berrak anaima pamenepo ndi foni m'manja, nkhope yatsika, mawaya akulendewera m'khosi.

"Sunthani," anatero. "Mwandilanda ndinu, ndiye muonera nane. Zonse, mpaka kumapeto. Muone chimene mwatenga."

Anakhala pambali panga n'kuimika foni pabondo.

Ine masewera ndinkangowaona podutsa, amuna akuthamangitsa mpira. Izi sindinazionepo. Hatchi zake ndi zazitali kuposa khomo, mipanda yofika munthu pachifuwa, ndipo pamwamba pali kamtsikana kamene kakumana ndi chilombocho lero lomwe. Berrak ankanena zinthu zisanachitike. "Iyi ikana wachitatu, taonani makutu." Inakana. "Uyu wagwira chingwe mwamantha, agwetsa." Anagwetsa. Mawondo ake ankafinya matiresi, ndinkamva bedi likugwedera.

Atsikana aja asanapume n'komwe anavala zoyera ndi zisoti zawaya. Malupanga ake maso anga sankawaona, ndinkangoona nyali ikuyaka. Dzanja la Berrak linkalumpha lokha pabulangete. Kenako m'madzi. Kenako, tsitsi lili chinyowere, anawandandalika kuti athamange.

Apa ndiye ndinagwira pakamwa. Munthu akubwera ali wefuwefu, nthiti zikuoneka kukwera ndi kutsika, miyendo ikugwedezeka. Afika patebulo, atola mfuti, ndipo thupi lonse lingoti du. Nyali zobiriwira ziyaka imodziimodzi, aponya mfuti pansi, ulendo. Akabwera achitanso chimodzimodzi. Ndinakumbukira kuti amene wakhala pambali pangayu ndi mmodzi wa anthu amenewa, kuti ndinamukhula msana ndi kansalu kanga, ndipo ndinachita mantha ngati ndalowa mumzikiti ndi nsapato.

Malo otsiriza a ku Olimpiki anatenga mtsikana wina wamfupi, watsitsi lofiira. Atadutsa mzere anagwa chagada n'kumalira, anzake akumukumbatira.

"Ameneyo ndamugonjetsa katatu chaka chino," anatero Berrak. Anazimitsa foni.

A Şaziye ananamizira kugona, ndipo ndiwathokoza pa chimenecho.

"Tsopano mwaona," anatero. "Mukanaona kale, mukananena?"

Ndinafuna kunama, Mulungu ndi mboni. Mawa akunditsegula chifuwa, ndipo ndinkafuna kupita mwanayu atandikhululukira.

"Ndikananena, mwanawe. Mwina ndikulira, koma ndikananena."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana foni yozima ija.

"Kubafa kuja sikanali koyamba," anatero. "Mwezi watha ndinagwa kawiri pabwalo, aphunzitsi anga ali pomwepo. Anandithira madzi kumaso, ati ndi njala, tisauze munthu. Kunyumba ndinagwa m'khitchini. Amayi anga anandidzutsa, anandipatsa madzi a shuga, n'kupita kukaanika zovala. Sitinakambiranepo."

Anayesa kapumidwe kake kaja, kukoka mpweya, kuutulutsa pang'onopang'ono, koma ulendo uno sizinatheke.

"Onse amandikonda, azakhali. Ndipo onse anakhala chete."

Anaika mutu pamiyendo panga, miyendo yanga yoipayi, n'kulira mmene amalirira mwana wamng'ono, mapewa aakulu aja akugwedezeka. Mwendo unachita dzanzi mpaka m'chiuno. Anamwino atabwera ndi mankhwala amadzulo ndinawakodola kuti adikire kaye panja, ndipo sindinausunthe.